Mitambo, chigayo ndi nkhunzi: kodi Adatchi ankajambula zimene ankaonadi?

Nachisale:
Moni nonse. Ndaponya chithunzi ichi pagulu pano kuti tithandizane nzeru. Anachijambula ndi Jacob van Ruisdael cha m'ma 1670, ndipo pano chili ku Rijksmuseum, nyumba yosungira zithunzi mumzinda wa Amsterdam ku Netherlands, kwawo kwa Adatchi. Malowo ndi Wijk bij Duurstede, m'mbali mwa mtsinje wa Lek. Taonani bwino: mulibe mfumu, mulibe nkhondo, mulibe mngelo. Muli chigayo choyendera mphepo, madzi, ngalawa yamatanga, amayi atatu akuyenda m'mphepete, basi. Munthu waluso chonchi anatayiranji nthawi yake pa chigayo? Nanga zithunzi zotere ankagula ndani?

Wapenti wa ku Zomba:
Aphunzitsi, chigayocho n'chonamizira chabe, mkuluyu ankafuna mitambo. Tayezani ndi chala pa foni yanuyo, muona kuti pafupifupi magawo awiri mwa atatu a chithunzicho ndi kumwamba. Ife ogwira burashi timadziwa kuti mtambo umavuta kuposa nkhope ya munthu. Ukachulutsa penti woyera umalemera, suyandamanso. Koma wakeyu ukuchita kuoneka kuti wasenza mvula ndipo uli pa ulendo.

Tadala ku Delft:
Achimwene a ku Zomba alasa. Dziko lino ndi la thyathyathya. Ukaima pamsewu wa kumudzi diso limapita mpaka kumene nthaka yakumana ndi thambo, popanda phiri lokutchinga. Pafupifupi gawo limodzi mwa anayi a dziko la Netherlands lili m'munsi mwa mlingo wa nyanja. Tikapatula zilumba zake za kutali, malo okwera kwambiri ndi Vaalserberg, kumalire ndi Germany ndi Belgium, mamita 322 okha, koma eni ake amati phiri kkkk. Ndiye wojambula akati aike nthaka mmene ilili, imangodya kachigawo kapansi, kotsalako n'kumwamba kokhakokha. Mukafuna kuona zimenezi zitafika penipeni, sakani zithunzi za Philips Koninck. Minda, mtsinje wokhotakhota, kamudzi patali, ndiye thambo tayale.

Gogo Jere:
Zikomo ana anga, ndiloleni nkhalamba ndiikepo mlomo. Funso la mayi Nachisale yankho lake lili m'tchalitchi. M'chaka cha 1566 anthu a kumeneko, atagwidwa ndi chiphunzitso cha Calvin, mtsogoleri wa Apulotesitanti, analowa m'matchalitchi ndi kuphwanya mafano ndi zithunzi, ati zikuswa lamulo lachiwiri. Zigawo za kumpoto zitagalukira mfumu ya Spain pa nkhondo ija inayamba mu 1568 n'kudzatha mu 1648, mpingo wa Reformed ndi umene unakhala mpingo wa dziko. Makoma a matchalitchi anawapaka njereza mbuu. Wojambula amene kale ankadya za maguwa ndi zithunzi za oyera mtima anapezeka alibe womulemba ntchito. Anatembenukira kuti? Ku chilengedwe, chimene anthu a mpingowo ankati nachonso chimalalikira za Mlengi.

Ndipo nkhaniyi si yachilendo kwa ife. Mpingo womwewo unafika ku Cape, ku South Africa, pamodzi ndi Jan van Riebeeck mu 1652, ndipo ku Cape ndi kumene kunachokera a Murray ndi a Vlok amene anatsegula Mvera mu 1889, kenako Nkhoma mu 1896. N'chifukwa chake makolo athu ankati mishoni ya Adatchi, ngakhale anthuwo anali a ku South Africa. Amene munakulira m'sinodi ya Nkhoma mukudziwa mmene khoma la tchalitchi chathu limakhalira: loyera, lopanda chithunzi.

Mayamiko:
Agogo, mwaulemu wonse, tchalitchi pachokha sichikufotokoza zonse. Jan van Goyen, mmodzi mwa akuluakulu a luso limeneli, anali Mkatolika. Komanso kujambula minda ndi nkhalango sikunayambire kumpoto kwa Apulotesitanti. Ku Antwerp, kwa Akatolika, Joachim Patinir ndi Pieter Bruegel anali atayamba kale m'zaka za m'ma 1500. Mzinda wa Antwerp utagwa m'manja mwa asilikali a Spain mu 1585, amalonda ndi amisiri ambirimbiri anathawira kumpoto, ku Amsterdam, Haarlem ndi Leiden, atanyamula ndalama ndi luso lomwe. Tchalitchi chinatseka khomo limodzi, inde. Koma amene anatsegula lina ndi ndalama.

Gogo Jere:
Ndalama sizigwira burashi, mwana wanga.

Mayamiko:
Koma zimasankha kuti burashi ijambule chiyani, agogo.

Tadala ku Delft:
Nonse awiri muli ndi mbali yanu, koma pa funso loti ankagula ndani, aMayamiko ali pafupi. Chachilendo cha Holland, dera la Netherlands kumene kuli Amsterdam, pa nthawi imeneyo chinali chakuti wojambula sankadikira oda. Ankajambula, n'kukaika kwa wogulitsa, pa msika wapachaka, kapena kuchititsa mayere. Mngelezi wina, John Evelyn, anafika pa msika wapachaka ku Rotterdam mu 1641 n'kudabwa kuona zithunzi zili mbwee, ndipo analemba kuti ngakhale alimi wamba ankasungira chuma chawo m'zithunzi. Akatswiri amene anawerenga mindandanda ya katundu wa anthu omwalira m'mizinda ngati Delft ndi Amsterdam anapeza kuti pofika pakati pa zaka za m'ma 1600, zithunzi za minda, mitsinje ndi midzi ndi zimene zinkapezeka kwambiri m'nyumba za anthu, kuposa za nkhani za m'Baibulo.

Koma chachikulu n'chakuti ogula ambiri anali anthu a m'tauni. Cha m'ma 1612 Claes Jansz Visscher anasindikiza tizithunzi ta malo ozungulira Haarlem, timisewu, nyumba za alendo, milu ya mchenga, ndipo patsamba loyamba ananeneratu kuti n'ta anthu okonda luso amene alibe nthawi yoyenda kutali. Mu 1632 anatsegula ngalande yochokera ku Amsterdam kukafika ku Haarlem, mabwato okokedwa ndi hatchi akuyenda pa nthawi yoikika. Wamalonda ankakhala m'bwato phee, akuonera ng'ombe ndi zigayo zikudutsa. Akafika kunyumba ankafuna zomwezo pakhoma.

Wapenti wa ku Zomba:
Van Goyen ameneyo ndi mkulu wanga pa ntchito kkkk. Anazindikira kuti pa msika wotero opambana ndi wachangu. Ankatenga thabwa, kupaka penti wopyapyala moti mizere ya thabwalo imaonekera, mitundu itatu kapena inayi yokha, yotuwa, yachikasu, yofiirira, n'kujambula penti wapansi asanaume. Anasiya zithunzi zoposa 1000. Anthu lero amati eee, taonani mmene anagwirira chinyezi cha mumpweya. Zoona anachigwira, koma njirayo inalinso yopulumutsa penti ndi nthawi.

aMbewe ku London:
Ndiye analemera?

Wapenti wa ku Zomba:
Ayi ndithu. Analowa bizinesi yogula ndi kugulitsa nyumba, analowanso ya maluwa aja a tulip mitengo yake itatsala pang'ono kugwa mu 1637. Anamwalira ku The Hague mu 1656 ngongole zili m'khosi.

aMbewe ku London:
Pepa wapenti kkkk. Ine ndikufuna ndikuuzeni za chithunzi chimene ndimakachiona ndikakhala pa ofu. Ku National Gallery, pa Trafalgar Square paja, kulowa n'kwaulere, ndiye amene muli kuno musamangothera ku mashopu. Kuli chithunzi cha Meindert Hobbema cha mu 1689, cha msewu wolowera m'mudzi wa Middelharnis. Msewu wadothi wokhala ndi mikwingwirima ya ngolo, mitengo italiitali yowonda ili ndondondo uku ndi uku, yosadzidwa mpaka kungotsala kansonga. Ngalande mbali zonse ziwiri. Mlenje akubwera ndi mfuti paphewa, galu pambali. Kudzanja lamanja kuli nazale, bambo wina akudulira timitengo. Patali nsanja ya tchalitchi ndi milongoti ya ngalawa.

Palibe chochitika chilichonse, koma ukaima patsogolo pake miyendo imafuna kuyenda. Ndipo chimene chimandisangalatsa n'chakuti chilichonse m'menemo chinapangidwa ndi manja a munthu. Mitengo inachita kubzalidwa, ngalande zinachita kukumbidwa, msewu unachita kuongoledwa. Si tchire ayi.

Nachisale:
Hobbemayu si amene anali wophunzira wa Ruisdael?

aMbewe ku London:
Yemweyo, achemwali. Ruisdael anakhalanso mboni pa ukwati wake mu 1668. Chaka chomwecho anapeza ntchito ku khonsolo ya Amsterdam yoyeza migolo ya vinyo kuti alipiritse msonkho, ndipo kuyambira pamenepo anajambula zochepa. Chithunzi cha msewuchi anachijambula patatha zaka 21 ali pa ntchito ya migoloyo. Anamwalira mu 1709 n'kuikidwa kumanda a amphawi. Tisaiwale kuti mu 1672 dzikolo linaukiridwa ndi France, England ndi ena nthawi imodzi, ndipo msika wa zithunzi unagwa osadzukanso mmene unalili.

Mlangizi wa Ziweto:
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, koma poti mukukamba za kumudzi, ng'ombe zili kuti? Ndaika chithunzi china. Nkhunzi iyi anaijambula Paulus Potter mu 1647, ali mnyamata wa zaka 21 kapena 22. Chili ku Mauritshuis, nyumba yosungira zithunzi ku The Hague. Kutalika kwake ndi mamita oposa awiri, m'lifupi oposa atatu, kutanthauza kuti nkhunziyo ndi yaikulu ngati yamoyo. Nthawi imeneyo chinsalu chachikulu chotero chinali cha mafumu ndi akazembe pa akavalo. Iye anaikapo ng'ombe. Kulitsani chithunzicho muone: ntchentche zikuuluka pamsana, dovu likuchucha kukamwa, ubweya wapamphumi wopotanapotana, chule pansi, ndipo patsogolo penipeni pali ndowe. Mwana ameneyu khola ankalidziwa.

Wapenti wa ku Zomba:
Ndowe pa balaza la bwana kkkkk

Mlangizi wa Ziweto:
Koma pali nkhani. Odziwa ng'ombe ataiyang'anitsitsa anapeza kuti nkhunziyi siingakhale nyama imodzi. Nyanga ndi khungu lolendewera pakhosi ndi za nkhunzi ya zaka ziwiri, mano ndi a ya zaka ngati zinayi, mapewa ndi a yokhwima koma matako ndi a yaing'ono. Ife pantchito timadziwa msinkhu wa ng'ombe poitsegula kukamwa, ndiye mano sanama. Zikuoneka kuti Potter anali ndi zojambula zambiri za ng'ombe zosiyanasiyana, n'kutola mutu uku, mwendo uku. Anamwalira mu 1654 ndi chifuwa chachikulu ali ndi zaka 28.

Nachisale:
Alangizi, mwandisokoneza tsopano. Ine ndimati chimene chinasiyanitsa Adatchi ndi ena n'chakuti ankajambula zenizeni.

Tadala ku Delft:
Aphunzitsi, khalani pansi kaye, zikubwera zambiri kkkk. Ruisdael wanu yemweyo anajambula linga la Bentheim, kutsidya kwa malire ku Germany, kangapo konse. Chotchuka ndi cha mu 1653 chimene chili ku Dublin. Lingalo analikweza pamwamba pa phiri lalikulu la nkhalango, pamene kwenikweni lili pa kachitunda kofatsa. Anajambulanso mathithi ambirimbiri, madzi akugwa pa matanthwe, mitengo ya paini m'mbali. Ku Holland kulibe mathithi otero. Anatengera kwa Allart van Everdingen amene anapita ku Norway ndi Sweden mu 1644. Nanga Aelbert Cuyp wa ku Dordrecht, uja wa ng'ombe zogona m'mbali mwa mtsinje dzuwa lagolide lili psuu? Kuwala kumene kuja n'kwa ku Italy, ndipo iye ku Italy sanapondeko. Anakuona m'zithunzi za Jan Both amene anakhalako ku Rome. Ine ndili kuno ndikuuzeni, dzuwa lotero silibwera kawirikawiri.

Ndipo wina akadzabwera kudzacheza asadzanamizidwe. Ku Wijk bij Duurstede kuli chigayo chimene alendo amajambulitsapo poganiza kuti ndi cha Ruisdael. Si chimenecho. Chake chija chinagwetsedwa m'zaka za m'ma 1800.

Nachisale:
Ndiye tinene kuti anali abodza?

Wapenti wa ku Zomba:
Ayi ayi ayi aphunzitsi, pamenepo ndiye ndikana mpaka mawa. Ganizirani mmene ntchito inkagwiridwira. Penti wa m'machubu anabwera mu 1841. Nthawi ya Ruisdael penti ankachita kupera pamwala, kusakaniza ndi mafuta, wotsala n'kusunga m'chikhodzodzo cha nkhumba. Sukanatha kunyamula zonsezo kupita nazo kudambo mphepo ikuwomba. Ankatuluka ndi kabuku ndi choko chakuda, kujambula mtengo, mlatho, denga, mtambo, n'kubwerera kunyumba. Chithunzi chenicheni chinkabadwira m'nyumba, miyezi itapita. Ndiye mtengo uliwonse ndi woona. Akatswiri a zomera amatha kutchula mtundu wa mtengo m'zithunzi za Ruisdael poona masamba ndi makungwa, chinthu chimene ojambula akale iye asanabwere sankasamala. Koma kuti mtengowo uime pati, ameneyo ndi mwini chithunzi. Bodza ndi kunena kuti ng'ombe ili ndi miyendo isanu. Kusuntha mtengo kuti diso lidutse bwino si bodza, ndi ntchito.

aMbewe ku London:
Umboni wake uli pa msewu wa Hobbema womwewo. Ataunika chithunzicho ndi makina anapeza kuti poyamba anaika mitengo ina iwiri patsogolo, umodzi mbali iliyonse, kenako anaifufuta n'kupakapo thambo. Anaona kuti ikutchinga.

Wapenti wa ku Zomba:
Mwamva? Ndiye china, mitundu imene tikuona lero si yonse imene iwo anapaka. Wabuluu wabwino ankachokera ku mwala wa ku Afghanistan ndipo unali wodula zedi, choncho ambiri pa thambo ankagwiritsa ntchito wotchipa wopangidwa ndi galasi lopera, umene umatuwa zaka zikamapita. Wachikasu wina ankachokera ku zomera ndipo umasuluka ndi dzuwa. Wobiriwira ukapanga posakaniza chikasu chimenecho ndi buluu, chikasu chikathawa masamba amatsala abuluu. Mukaona tchire labuluu m'chithunzi chakale musati wojambulayo analedzera.

Mayamiko:
Zosuntha mitengozo ine sizindivuta. Chimene chimandivuta ndi zimene anazisiya kunja. Achemwali a ku Delft, inu mukuphunzira za madzi, tauzeni anthu za Beemster.

Tadala ku Delft:
Beemster inali nyanja, kumpoto kwa Amsterdam. Amalonda olemera, ena mwa iwo akuluakulu a VOC, kampani ya Adatchi yochita malonda ku Asia imene inakhazikitsidwa mu 1602, anasonkha ndalama, anaizinga ndi khoma ladothi ndi ngalande, n'kuika zigayo zamphepo zoposa 40 zopopa madzi. Chigayo chimodzi chimakweza madzi mita imodzi ndi pang'ono, ndiye ankazindandalika motsatizana, china kupatsira chinzake, mpaka madzi atakwera kukagwera m'ngalande yakunja. Pofika 1612 nyanja inauma. Pansi pake anadulapo minda yamakona anayi yofanana ndendende, misewu yowongoka ngati ajambula ndi rula. Malowa lero ali pa mndandanda wa UNESCO. Msipu wa m'malo oterewa ndi umene unkanenepetsa ng'ombe zochokera ku Denmark zisanaphedwe, komanso kutulutsa mkaka wa tchizi.

Mayamiko:
Ndiye ndifunse. Ntchito yaikulu chonchi, imene inasintha nkhope ya dziko nthawi yomweyo ojambulawa ali moyo, mukuiona kangati m'zithunzi zawo? Mwa apo ndi apo. Iwo ankakonda kanyumba kaudzu kopendekeka, kamlatho kothyoka, kanjira kokhota mumchenga. Okumba nthaka yakuda ija ankaiumitsa n'kumakoleza moto m'mizinda yonse, anthu amene ankakhala m'madzi tsiku lonse, mukuwaona kangati? Wamalonda amene anaphwetsa nyanja ndi ndalama zake sankafuna kuona minda yake yamarula pakhoma. Ankafuna mudzi wakale umene iye mwini ankauthetsa.

Ndipo ndalamazo zinkachokera kuti? Tisachite manyazi. Frans Post, mnyamata wa ku Haarlem komweko, anafika ku Brazil mu 1637 ndi bwanamkubwa Johan Maurits, n'kukhalako mpaka 1644. Anajambula dera la kumeneko la Pernambuco ndi diso lomwelo: nthaka pansi, thambo lalikulu, mtsinje phee. M'zithunzi zake muli zigayo za nzimbe, ndipo tianthu takuda tikuoneka tikuyenda ndi madengu pamutu, ena akuvina. Amenewo ndi akapolo ochokera kuno ku Africa. Chaka chomwecho cha 1637 Adatchi analanda linga la Elmina ku Ghana wa lero, mu 1641 analanda Luanda ku Angola, cholinga chili chopeza anthu okagwira m'minda ya nzimbe ija. Chikwapu simuchiona, wodulidwa dzanja ndi chigayo simumuona. Ndipo Mauritshuis, kumene kuli nkhunzi ya alangizi, inali nyumba ya Johan Maurits yemweyo. Ngakhale kufupi ndi kwathu kuno anafika: anazinga chilumba cha Mozambique mu 1607 ndi 1608, kungoti Apwitikizi anawakanika.

Mlangizi wa Ziweto:
Nkhunzi yanga yalakwanji abale kkkk

Gogo Jere:
Mwana wanga Mayamiko, zimene wanenazo n'zoona ndipo n'zowawa. Mpingo umene ndautchula uja sunali woyera m'manja pa nkhani ya ukapolo, ngakhalenso pa tsankho la ku South Africa pambuyo pake. Koma usaweruze Van Goyen wangongole ndi Hobbema wa kumanda a amphawi ngati kuti ndi iwo anali ndi zombo.

Mayamiko:
Sindikuweruza wojambula, agogo. Ndikunena za khoma limene chithunzicho chinakapachikidwa.

aMbewe ku London:
Koma aMayamiko, mukatero ndiye kuti palibe chimene tingachione n'kungosangalala nacho. Ine ndikatuluka ku ntchito ya usiku n'kukaima pa msewu wa Middelharnis uja, sindikhala ndikuwerengera ndalama za VOC.

Mayamiko:
Sangalalani achimwene, palibe wakuletsani. Nanenso mitambo ya Ruisdael imandigwira. Kungoti munthu ungathe kukonda chithunzi uku ukudziwa amene analipira.

Admin:
Tikuyenda bwino, tisatenthetsane mitu. Amene mukutumiza mavidiyo osakhudzana ndi mutuwu ndikufufuta.

Nachisale:
Ine ndikufuna ndiwatsutse pang'ono aMayamiko pa zoti ntchito sankaionetsa. Ndapeza chithunzi china cha Ruisdael, cha Haarlem akuonekera patali, tchalitchi chachikulu cha Sint-Bavo chitatulukira pamwamba pa madenga. Patsogolo pali minda, ndipo pa udzu ayanikapo timizere titalitali toyera. Poyamba ndimayesa madzi. Ndi nsalu. Haarlem inkadziwika ku Ulaya konse pa ntchito yoyeretsa nsalu za bafuta. Ankazinyika m'madzi a phulusa, kenako mu mkaka wosasa, n'kuziyanika pa udzu kwa milungu, akuziwaza madzi oyera ochokera m'milu ya mchenga ya m'mbali mwa nyanja. Ogwira ntchitoyo ambiri anali amayi, ndipo akuoneka m'chithunzimo. Dzuwa labowola mtambo n'kugwera pa nsalu zomwezo. Kodi pamenepo sanaike ntchito pakati pa chithunzi?

Mayamiko:
Anaika nsalu pakati, aphunzitsi. Amayiwo ndi timadontho. Tayesani kuona nkhope ya mmodzi.

Nachisale:
Komatu timadonthoto tilipo. Ojambula a m'mayiko ena nthawi imeneyo akafuna kuika munthu m'munda ankaika mulungu wachigiriki kapena m'busa wovala silika akuimba chitoliro. Awa anaika wochapa, woweta, wopalasa bwato lowolotsa anthu ndi ng'ombe ngati m'zithunzi za Salomon van Ruysdael, bambo ake aang'ono a Jacob. Kwa ine chimenecho si chaching'ono. Anaona kuti kwawo, kopanda phiri, kwamatope, n'koyenera kupachikidwa pakhoma.

Tadala ku Delft:
Ofuna anthu ambiri apite kwa Hendrick Avercamp. Anali wosalankhula, ankakhala ku Kampen, ndipo ankajambula nyengo yachisanu, mitsinje itaundana gwaa, popeza zaka zimenezo kunkazizira kuposa masiku ano. Chithunzi chake cha cha m'ma 1608 ku Rijksmuseum muli anthu mazana pa ayezi. Olemera ovala bwino, opemphetsa, ana, zibwenzi, wina wagwa chagada. Pakona pali hatchi yakufa, galu ndi akhwangwala akudya. Ndipo mukafufuza bwino mupeza wina ali pa chimbudzi matako pamtunda. Ameneyo sanabise kanthu kkkk.

Wapenti wa ku Zomba:
Ndachipeza! Koma mkulu ameneyu kkkkkk

Koma kunena zoona nkhani ya aMayamiko yandilasa ine mwini. Zithunzi zimene timagulitsa kwa alendo pamsewu muli mlambe, nyumba yaudzu, mayi wasenza mtsuko, dzuwa likulowa. Nyumba yamalata sitiika, sola padenga sitiika, kabaza sitiika, chigubu chachikasu chotungira madzi sitiika. Ukaika sagula. Ndiye Mdatchi wa kanyumba kopendekeka uja ndikumumvetsa bwino kwambiri.

Mlangizi wa Ziweto:
Nanga zinathera pomwepo m'ma 1600?

Tadala ku Delft:
Zinagona kwa nthawi, n'kudzadzuka. Angelezi ndi amene anayamba kuzitola, moti zithunzi zabwino zambiri za Cuyp ndi Hobbema lero zili ku Britain osati kuno, ndipo wojambula wachingelezi John Constable ankakopera Ruisdael pophunzira. Kenako cha m'ma 1870 kunabwera gulu la ojambula a ku The Hague: Jacob Maris, Weissenbruch, Paul Gabriël, Anton Mauve ndi anzawo. Awa tsopano anali ndi penti wa m'machubu ndi sitima yapamtunda, ndiye ankakakhala kudambo kwenikweniko. Ndipo iwo ndi amene anajambula minda yophwetsedwa ija, ngalande zowongoka, okumba nthaka yoyaka, thambo lotuwa la mvula yowaza. Zimene aMayamiko akuti akale anazisiya, awa anazitola, koma pa nthawi imene makina a nthunzi anali atayamba kulanda ntchito zigayo zamphepo. Nawonso ankajambula chinthu chimene chinali kupita.

aMbewe ku London:
Mauve ndi uja anaphunzitsa Van Gogh?

Tadala ku Delft:
Eya. Mkazi wake anali msuweni wa Van Gogh, ndipo ndi Mauve amene anamugwiritsa penti wamafuta ndi wamadzi ku The Hague kumapeto kwa 1881, asanayambane. Van Gogh woyambirira, wa ku Nuenen, wa alimi akudya mbatata mu 1885, ndi wakuda bii, wa mtundu wa dothi. Zithunzi zake zotchuka za mpendadzuwa ndi chikasu chija zinabwera atapita ku France. Pa nkhope za alimi zija ndiye aMayamiko sangadandaule kuti anthu ndi timadontho.

Mayamiko:
Pamenepo ndavomera. Ndipo Van Gogh ali moyo palibe anagula chithunzi cha alimicho.

Tadala ku Delft:
Amene mukufuna kuona bwino, pa webusaiti ya Rijksmuseum zithunzi zakalezi amalola kutsitsa kwaulere, zazikulu moti mungakulitse mpaka kuona mizere ya burashi. Dikirani bandulo ya usiku chifukwa zimadya data. Alangizi, inu sakani Mauve, ndi wa nkhosa. Atasamukira ku Laren ankajambula gulu la nkhosa pa tchire louma, m'busa ali pambuyo, ndipo anthu a ku America ankazigula ngati alodzedwa. Amanena kuti ogulitsa anafika poika mitengo iwiri: chithunzi cha nkhosa zikubwera chinkadula kuposa cha nkhosa zikupita.

Mlangizi wa Ziweto:
Ogula osadziwa nkhosa amenewo. Wofuna kudziwa ngati nkhosa yanenepa amaiyang'ana kumbuyo.

Wapenti wa ku Zomba:
Kaya zanu izo alangizi. Ine mawa m'mawa ndikutembenuza mbuzi zonse za m'zithunzi zanga, ziyang'ane kwa kasitomala.